Ndani wabadwa, ndani wamwalira kunjako?

Anagogoda m'mawa wina mu Julaye 1997, ndikutungira mkazi wanga madzi osamba, poti mimba inali itakula ndipo sankathanso kuwerama. Tinkakhala ku Umoja, dera lina la mu Nairobi, ine ndikuphunzira mbiri yakale pa koleji ina mumzindamo. Apolisi awiri ovala zovala wamba anangoti, "Twende," ndiye kuti tiyeni. Mkazi wanga anawafunsa m'Chichewa, ngati kuti amva, kumene ankapita nane. Sanamuyang'ane n'komwe.

Sabata imeneyo m'tauni munali zionetsero. Ine ndinangodutsapo pochokera m'kalasi, koma wina anakanena kuti anandiona. Wondifunsa mafunso ankafuna kudziwa amene anandituma kuchokera ku Malawi. Ndinati palibe. Anadzuka nakatseka zenera. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero.

M'chipinda chimene anatitsekera tinali ndi mwambo wathu. Watsopano akalowa, mkulu wina wa ku Kawangware, wogulitsa makala, ankamufunsa kuti, "Ndani wabadwa, ndani wamwalira kunjako?" Atamva za maphunziro anga anandipatsa ntchito: masana ndizisankha chaka chimodzi chakale, ndiziwauza zimene zinachitika, amene anabadwa ndi amene anafa. Ankakonda 1698, chaka chimene linga la Apwitikizi ku Mombasa linagwa. Pomaliza ankandiseka, "Aphunzitsi, mafumu ofa kalekale mumawadziwa, koma za m'nyumba mwanu, zii!" Ndinkaseka nawo, koma zinkandiwawa kwambiri. Aliyense wolowa ndinkamufunsa ngati anali wa ku Umoja.

Mu Seputembala mlonda wina, amene ndinamuchonderera mpaka kutopa nane, anati, "Mkazi wako anabwera pageti. Mimba alibe." Ndinafunsa ngati anali ndi mwana kumsana. "Kumsana sindinayang'ane," anatero, nakhoma chitseko.

Ananditulutsa mu Novembala popanda mlandu uliwonse. Ndinapeza mkazi wanga akuchapa pakhonde. Pachingwe panali malaya anga ndi zitenje zake, koma thewera ayi ndithu. Ndinangokhala pansi pomwepo.

"Anali mtsikana, bambo," anatero. "Anabadwa Lachiwiri, Lachitatu anatisiya."

Popeza anali asanatuluke m'chikuta, amayi a kumpingo, Amalawi anzathu, anakamuika okha monga timachitira kwathu, popanda kulira maliro, popanda dzina. Ndinapempha mkazi wanga kuti akandionetse pamene mwanayo anagona.

"Nanenso sindipadziwa. Ndinali ndikadali m'chipatala."

Mayi amene anatsogolera anali atabwerera ku Malawi, ndipo enawo aliyense ankaloza pake.

Anthu ankandigwira chanza, amvekere, "Mwatuluka, Mulungu ndi wamkulu!" Inde, ufulu ndinaupeza. Panalibenso wondiuza nthawi yokhala pansi, ndipo minibasi iliyonse, imene kumeneko amati matatu, ndikanatha kukwera. Ndinakwera yopita kumanda a mzinda. Ndinayenda m'mizere ya timitumbira mpaka dzuwa kupendeka, osadziwa poima.