Pasipoti inali mkati, ine ndili pakhonde

Ndinatuluka pageti la kampu yathu ku Al Quoz, mumzinda wa Dubai, cha m'ma 7 koloko m'mawa, Lachinayi, nditanyamula kachikwama kamodzi, tiketi ya ndege ili m'thumba la malaya. Mkazi wanga Esinati anali atamwalira dzulo lake ku Balaka. Alamu anga anandiuza pafoni kuti andidikira mpaka Loweruka masana, kupitirira apo ayi. Ndege yodzera ku Nairobi inkanyamuka 3 koloko masana, ndipo ndikaiphonya ina inali ya Lamulungu. Tiketi anandigulira anzanga a pakampu. Chomwe ndinalibe ndi pasipoti.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito paboti la anthu olemera, lija amati yoti, loyera mbee, la zipinda zogona zisanu. Ine yanga inali kukolopa, kupukuta zitsulo ndi kukoka zingwe. Banja lina la Aluya linali litachita hayala botilo kuti likapume milungu itatu kuzilumba za Maldives, ndiye kaputeni wathu, mzungu wa ku Joni, anatolera mapasipoti athu tonse kuti akonze mapepala a ulendowo.

Mwanza, mnzanga wa ku Chipata yemwe tinkagona chipinda chimodzi, anandiperekeza mpaka pabasi. "Mudala Fulaye, mukamupeza kaputeni mukambe chabe," anatero. "Osayamba vija va kwanu vopatsa moni mpaka nkhuku." Ankafuna ndiseke, ndipo ndinasekadi pang'ono, koma mumtima munali mutada bii.

Hafu pasiti 8 ndinafika kudoko komwe boti lathu linkakhala. Kaputeni kunalibe. Khukhi wathu, bambo wa ku Philippines, anati wapita kuofesi ku Deira, ndipo anandikakamiza chapati ndi tiyi wa mkaka. Ndinamwa chiimirire, ndikuyang'ana zombo zomwe zinkalavulira mchenga m'nyanja. Nthawi imeneyo ankamanga chilumba pamadzi. Anthu a ndalama, abale! Ena akuthira mchenga kuti chilumba chioneke pakhomo, ena akulipira kuti akaone zilumba za eni.

Ndinakwera takisi mpaka ku Bur Dubai, kenako kabwato ka matabwa kowolotsa anthu, komwe amati abra. Mtengo wake unali theka la diramu, ndalama ya kumeneko. Tinakhala mothithikana ngati m'minibasi ya ku Ndirande, injini ili phuphuphu, utsi wa dizilo uli m'mphuno. Kuofesi mayi wa pakauntala anati kaputeni wanyamuka kumene, wapita kunyumba kwa kasitomala ku Al Twar, chikwama cha mapasipoti ali nacho. Anamuimbira, foni inali yozima. Anandilembera nambala ya nyumba pakapepala.

11 koloko takisi inanditsitsa pampanda wautali wa nyumbayo. Al Twar ali pafupi ndi bwalo la ndege, moti ndege zimadutsa pamwamba pa madenga, mawilo akuoneka. Mtima unakhala pansi. Ndinati basi, ndafika, nthawi ilipo yambiri.

Mmwenye wosamalira maluwa ananditsegulira n'kundilozera chipinda cha alendo. Chitseko chinali pululu, nsapato zili pakhomo. Mkatimo munali mwini nyumba, mdala wa ndevu zoyera, ana ake aamuna awiri, ndi kaputeni, onse atawerama pamapu. Chikwama chakuda chinali pafupi ndi phazi la kaputeni. Ndinaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuti odi. Kaputeni anadzutsa mutu, anandiona, n'kukweza dzanja kuti ndidikire. Ndinakhala pasitepe.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Kwathu munthu wobwera ndi uthenga wa maliro sangolowa n'kuyamba kulankhula akuluakulu ali pankhani. Amakhala pansi chapatali, eni khomo amamuona nkhope, kenako wina amadzuka kudzamufunsa kuti kwagwanji. Ndinakula choncho, ndipo thupi langa silinkadziwa njira ina. Ndinkati andiona, abwera.

Nkhani yawo yonse ndinaimva. Chilumba chiti chili ndi akamba a m'madzi. Boti likagone pati kuti mafunde asakavutitse mayi awo. Nkhosa zingati zilowe mufiriji. Mwana wamkulu ankafuna kokamira kuti akaone nsomba zamawangamawanga, wamng'ono ankafuna chilumba chopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Anakangana, anaseka, anabwezanso mapu poyamba. 12 koloko inakwana. Nthawi ya mapemphero eni nyumba anatulukira khomo la mkati, kaputeni n'kuyatsa foni kuyamba kulankhula ndi anthu a mafuta. Ndinadzuka, ndinakhalanso. Munthu ali pafoni ungamudule bwanji? Eni nyumba atabwerako kunalowa thireyi ya mpunga, ndipo ndinati maliro satchulidwa anthu akudya. Malaya anali atanyoweratu ndi thukuta. Ndege iliyonse ikadutsa ndinkayang'ana wotchi.

Itadutsa 2 koloko, mdala uja anatuluka kuperekeza kaputeni. Ananditsika ndi maso. "Habibi, wakhala padzuwa nthawi yonseyi? Vuto n'chiyani?"

Ndinagwada. Ndipo ngakhale pamenepo, pepani, ndinayamba ndi kuwafunsa mmene aswerera. Kenako ndinati, "Bwana, mkazi wanga wamwalira. Ndege yanga ndi ya 3 koloko. Pasipoti ili m'chikwamamo."

Kaputeni nkhope inafiira. "Maola atatu, Fulaye? Bwanji sunanene? Ine ndimati wabwera ndi nkhani ya sopo wa m'boti!" Anatsegula zipi n'kundipatsa pasipoti.

Mdalayo anakuwira mwana wake kuti aponye makiyi, n'kundigwira pamkono. "Yalla, yalla!" anandifulumizitsa. Anayendetsa yekha, nsapato atavala za wina, hutala ikulira njira yonse. Sitinathe mphindi khumi kuti tifike pabwalo la ndege. Pakauntala anali atatseka kale. Mkuluyo anachonderera m'Chiarabu, anaitanitsa wamkulu wa pamenepo, anagwira ndevu zake kupempha. Munthuyo anangopukusa mutu. "Khalas," kutanthauza kuti zatha. Zitseko za ndege zinali zitatsekedwa. Ndinakhala pachikwama changa pakati pa anthu n'kulira mokweza ngati mwana. Mdala uja anakhala pansi pomwepo, ndi mkanjo wake woyerawo, dzanja lili paphewa langa, mpaka nditatonthola. Ndiye anandisinthitsira tiketi kuti ikhale ya Lamulungu.

Ku Balaka ndinafika Lolemba madzulo pa matola. Ndinapeza nkhata zamaluwa zitafota kale pamtumbira. Nkhope ya Esinati sindinaionenso, ndipo zimandipwetekabe. Ulendo umenewo unandiphunzitsa kuti ulemu wa kwathu umagwira ntchito pamene pali wina woudziwa. Kwa eni, ukakhala chete amayesa ulibe mawu.

Pakhomo ndinapeza nkhani itafala kale yoti Aluya anandikaniza pasipoti. Apongozi anga anandigwira manja akulira. "Musadziimbe mlandu, bambo a Tadala. Anthu amenewo alibe chisoni, tamva ife." Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuwauza za mdala wa ndevu zoyera, ndi za sitepe yomwe ndinakhalapo maola atatu popanda wondiletsa kulowa. Ndinangowerama n'kuti, "Eya, mayi." Anamwalira akukhulupirira zimenezo.