Ndimu imene ndinafinyira pa mkono wa mwana wanga

Ndimu ija ndinakathyola ndekha, palibe anandituma. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikunamizira dzuwa.

Inali nthawi njala yaikulu ija isanafike. Tinkakhala ku Lifuwu, amuna anga ali msodzi, ine ndikulima mpunga. Mwana ndinali naye mmodzi, wamkazi, wa zaka zinayi. Awiri oyamba tinaika m'manda asanamere mano, ndiye pa ameneyu ndinalibe chibwana. Ngakhale ntchentche ikamutera ndinkaitukwana.

Tsiku lina kunabwera bambo wotemera nthomba, wovala kabudula wa kaki, pa njinga kuchokera ku Salima. Anatiuza kuti nthomba yabuka tsidya la nyanja kwa Apwitikizi, kuti imakwera chombo ndi sitima ngati munthu, ndipo boma lalamula kuti aliyense atemeredwe. Ife katemerayo tinkamudziwa kale. Chaka china mwana wa mnansi wanga mkono unatupa ngati dzungu, bala n'kunyeka miyezi iwiri. Choncho amayi a m'mudzi tinali ndi nzeru yathu: ukachoka pamzere, uzembere kuseri kwa nkhokwe, ufinyire ndimu pamene akucheka paja, upukute ndi phulusa. Mankhwala amafa, mkono sutupa, wa boma n'kulemba m'buku mwake kuti watemera.

Tsiku limenelo ndimu zinasowa, poti mudzi wonse unkazifuna. Ndinapeza kamodzi, kakang'ono, kouma madzi. Konse ndinafinyira mwana, ine osatsalako ndi dontho lomwe. Mkono wanga unatupa masabata awiri, kusinja osatheka, ndili kutukwana bambo uja ndi njinga yake yomwe. Wa mwana unapola masiku atatu, osasiya ndi chipsera chomwe. Ndinayenda ndikudzitama kuti ndine mayi wochenjera. Chitsiru ine!

Mpunga utayamba kucha, chombo china chinakocheza ndi munthu wodwala. Mwezi usanathe, ashehe ankangochoka kumanda n'kubwereranso kumanda. Boma linatseka njira. Ku Chipoka ndi ku Salima sankakweza sitima munthu wopanda chipsera pamkono. Nyumba ya wodwala ankaitentha, mwini wake n'kumutengera ku misasa ya kuthengo kumene abale sankaloledwa. Koma zombo za tsidya lija zinkabwerabe, chifukwa lamulo la kuno linkathera pamchenga.

Mwana wanga anayamba ndi kutentha thupi. Tsiku lachitatu ndinaona timatuza pamphumi. Amuna anga anati tikanene. Ndinawauza kuti akangotsegula pakamwa, mawa akandivuula m'khoka mwawo pamodzi ndi usipa. Anandidziwa kuti sindinkaseka. Ndinabereka mwana n'kukabisala naye mu kachisakasa ka kumunda, kamene tinkakhalamo popirikitsa mbalame.

Abale inu, nthomba musaione. Thupi lonse linadzaza, m'kamwa momwe, mpaka mphasa inkamatirira pakhungu, ndiye ndinkamugoneka pa masamba a nthochi. Phala ndinkamudonthezera ndi chala. Zikope zinatupa n'kutsekeka. Ankandiitana ndili naye pamiyendo, akufunsa kuti ndapita kuti. Duwa iliyonse imene ndinkaidziwa ndinapempha kwa Mulungu, zina ndinkangopeka. Ndinafika potenga munga n'kukanda chipsera changa mpaka magazi, n'kumupaka pamkono, poganiza kuti mwina mankhwala aja adakalimo mwa ine. Ndinkadziwa kuti ndachedwa, koma manja sankalola kungokhala.

Amene anatiulula ndi mbalame. Bambo wotemera uja, podutsa masana, anaona mpheta zikudya mpunga mwaufulu, utsi ukufuka pachisakasa, koma wopirikitsa palibe. Analowa. Ine ndinagwira chikwakwa. Iye sanakalipe, anangokhala pansi ngati munthu amene watopa ndi maliro. Anati amutuma kuyenda midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja kuti afufuze chifukwa chake anthu otemeredwa akufabe. Madokotala akukangana: ena akuti mankhwala akumafa ndi kutentha m'sitima asanafike kuno, ena akuti pali chimene anthu akuchita. Anayang'ana mkono wanga, chipsera chili poteropo. Anatembenuza wa mwana mosamala, osapeza kanthu.

"Mayi, ndiuzeni zoona, sindikumangitsani. Munapakapo kanthu pa mwanayu?"

Mwanayo sanali m'tulo, ankamva. Amuna anganso sankadziwa za ndimu. Ndinaona ukwati wanga, ndinaona amayi anzanga akundiloza chala kuti ndawagulitsa kwa boma.

"Ayi bambo," ndinatero. "Ndi dzuwa lomwelo mukunenalo."

Analemba m'buku mwake. Sanatitenthere nyumba, anangotiletsa kuchoka kumundako mpaka nkhanambo zitayoyoka. Chaka chotsatira anabweranso, mankhwala atawakulunga m'nsalu yonyowa, akutemera m'mamawa dzuwa lisanakwere. Ankalimbana ndi dzuwa chifukwa cha mabodza ngati langa. Ndinaona amayi ali pamzere, ndimu zili m'mfundo za nsalu zawo, ndipo ine wa pakamwa, amene sindinkagonja pa mkangano uliwonse wa pachitsime, ndinangoti chete. Manyazi amenewo ndili nawo mpaka lero.

Mwana wanga anachira. Zikope zitatseguka, maso onse awiri anali oyera ngati a nsomba yophika. Sanaonenso.

Anakula, anaphunzira kupeta mpunga ndi kuluka mphasa ndi zala zokha, kuposa ena openya. Tsiku lina, ali kale namwali, ndinkamuluka tsitsi pakhonde. Dzanja lake linkayenda pamkono panga, n'kuima pachipsera paja. Anachizungulira ndi chala, kenaka anafufuza pamkono pake pakati pa zipsera za nthomba.

"Amayi, si paja tinatemeredwa tsiku limodzi? Nanga bwanji mankhwala anu anagwira, anga ayi?"

Ndinamuuza kuti ine ndinali kutsogolo kwa mzere, iye kumbuyo, ndipo pofika pa iye mankhwala anali atafa ndi kutentha. Bodza langali linali losalimba n'komwe, poti tsiku lija ndinali nditamubereka kumsana. Iye anangogwedeza mutu, n'kundisisita pachipsera paja ngati akundipepesa.

"Koma dzuwa la kuno ndi loipa, amayi. Mwayi kuti inu linakusiyani, nanga akanandisamala ndani?"

Ndinavomera, n'kupitiriza kumuluka tsitsi.