Akuluakulu asanu amene sindinawafunse

Matipate atangoyamba, ndinali dokotala wachilendo pachipatala china chaching'ono kumapiri a Neno, wopanda ndi wocheza naye yemwe. Kunabwera kalata yochokera kulikulu yoti ndifunse anthu dzina la chithandizo chotulutsa magazi m'thupi, kuwayeretsa pamakina n'kuwabwezera, kuti zipatala zonse zizitchula mofanana.

Mlendo kumafunsa za magazi khomo ndi khomo? Akanati ndine wopopa magazi. Ndinadzitsekera m'nyumba n'kulemba kuti akuluakulu asanu agwirizana pa "kutsuka magazi".

Chikalata chothokoza akuluakuluwo chitafika, mlonda wathu anachiwerenga pakhoma.

"Akuluakulu akewo ndi ati, adokotala? Ine wobadwira konkuno osandifunsa?"

"Akutsidya," ndinatero, maso ali pansi.

Asanu onsewo ndinali ine ndekha. Ndipo tinachita kukangana tisanagwirizane.