Mchenga wa mu Kanema wa Achimwene

Achimwene anga anakonza mawailesi ndi makanema pamsika wa Mangochi kwa zaka zambiri, m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wokonza njinga za kabaza. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, mphunzitsi wa sayansi kusekondale. Anthu ankaganiza kuti tikakumana timakamba za magetsi mpaka kuiwala kudya. Zoona zake n'zakuti kwa zaka khumi ndi ziwiri sitinakambepo za magetsi ngakhale kamodzi.

Mlandu unali wanga. Nditangobwera kuchokera ku koleji, maphunziro akundiyabwa pakamwa, ndinawapeza akufotokozera kasitomala kuti batire imasunga magetsi ngati mmene mtsuko umasungira madzi. Ndinawadula mawu pamaso pa anthu, n'kuwaphunzitsa ngati mwana wa Fomu 1. Anthu anaseka. Achimwene anapukuta manja pa thalauza n'kunena kuti, "Zikomo aphunzitsi."

Kuyambira pamenepo ndikafika ku shopu ankandipatsa mpando, kundifunsa za ana, n'kuphimba ndi nsalu chimene ankakonzacho. Sanandikalipire. Anangondichotsa pa ntchito imene ndinkagwira ndili mtsikana, yozungulitsa mlongoti wa eriyo panja, iwo akuyang'ana kanema m'kati mpaka atakuwa kuti, "Pamenepo!" Ndinapepesa kawiri, ndipo kawiri konse anayankha kuti palibe cholakwa. Yankho lotere limatseka khomo kuposa kutukwana. Zinkandipweteka, ndipo chimene ndinkafuna chinali chaching'ono: kuti tsiku lina avundukule nsaluyo ine ndilipo.

Kenako ntchito yawo inayamba kufa. Kunabwera makanema opyapyala amene akawonongeka amangotayidwa, kunabwera mafoni, kaulutsidwe kanasintha, ndipo makanema akale a chimsana aja opanda dikoda anayamba kuonetsa timadontho takuda ndi toyera tokhatokha, tikuthwanima ndi phokoso la shiii. Achimwene timadontho timeneti ankatitchula kuti mchenga. Moyo wawo wonse anali mdani wa mchenga. Maso atayamba kuvuta, mwana wawo wamkazi wa ku Makanjira anati apite akakhale naye, ndipo anavomera mosachita kuwanyengerera.

Ndinapita ku shopu kutatsala tsiku limodzi kuti lole iwatenge. Anali atangochokera ku mzikiti ku swala ya masana, kofia ili kumutu, akuunjika makanema akale pakhomo kuti wogula zitsulo zakutha adzanyamule. Dzuwa la ku Mangochi linali likuchita zake. Wotsala anali mmodzi, wakuda ndi woyera, amene anali woyaka pa tebulo akuonetsa mchenga. Akuti ankafuna aone ngati akadali ndi moyo asanamutaye.

Masiku amenewo ndinali nditawerenga buku lina lonena za chiyambi cha thambo ndi nyenyezi. Ndinali nditalumbira kuti sindidzaphunzitsanso munthu mu shopu imeneyi, koma pakamwa pa mphunzitsi sipamva malumbiro.

"Achimwene, kodi mukudziwa kuti mumchengamu muli kuwala kwakale kuposa dzuwa?"

"Yambani, aphunzitsi," anatero osatembenuka.

Ndinayamba. Ndinati akatswiri amanena kuti zaka pafupifupi mabiliyoni khumi ndi anayi zapitazo zonse zimene zilipo zinali zothinana ndi zotentha kwambiri, kenako zinayamba kufutukuka, ndipo zikufutukukabe. Poyamba kutentha kunali koopsa moti tizidutswa timene timapanga maatomu tinkalephera kugwirana. Maelekitironi, omwe aja amayenda m'mawaya awo, ankangoyendayenda okha, ndipo kuwala kukati kuyende kunkawombana nawo ngati munthu wodutsa mumsika tsiku la Loweruka. Zitazizirako, maelekitironi anagwidwa m'maatomu, njira inatseguka, kuwala kuja n'kuyamba ulendo. Pa ulendo wautaliwo kwatambasuka pamodzi ndi thambo, moti lero maso sangakuone, koma eriyo imatha kukutola. Kumabwera kuchokera mbali zonse mofanana, ndipo kagawo kochepa ka mchenga wa mu kanema n'kameneko.

"Kumwamba ndi pansi analenga ndi Allah," iwo anatero.

"Izo sindikukangana nazo. Ndikunena za mchenga."

Kenako anapita kuseri kwa kanema uja n'kuzula waya wa eriyo. Mchenga unapitirira kuthwanima ngati palibe chachitika.

"Eriyo ndazula. Kuwala kwanu kwakaleko kukulowera pati, pawindo?"

Buku langa silinanene chimene chimachitika munthu akazula waya.

"Mchenga wambiri umabadwira m'katimu," anatero akugogoda pamsana pa kanemayo ndi chala. "Chitsulo chilichonse chikafunda chimanong'ona. Kanema akasowa siteshoni amakweza makutu, ndiye amadzimva yekha. Wina umachokera ku njinga zamoto zikudutsa apazi, wina ku mashini a owotcherera zitsulo uko, wina ku mphenzi za ku Mozambiki. Ine ndimausiyanitsa ndi maso. Wa njinga yamoto umabwera ndi mizere."

Anayankhula nthawi yaitali, ndipo zonse zinali zoona. Pambuyo pake ndinakazipeza m'mabuku ena, zitalembedwa m'Chingerezi chovuta kuposa mmene iwo anazinenera. Ndinawauza kuti zimenezo sindinkazidziwa. Sindinanene mowasangalatsa ayi, sindinkazidziwadi. Anandiyang'ana kanthawi, ngati mmene ankayang'anira wailesi imene mwini wake akuti sinagwe pansi.

"Nanga azungu akowo anaudziwa bwanji wawo, pakati pa mchenga wonsewu?"

Ndinawauza mmene ndinawerengera. Amuna awiri anali ndi eriyo yaikulu imene inkatola phokoso losadziwika kochokera. Anaganiza kuti chida chawo chili ndi vuto. Anafufuza mawaya onse, anayeza phokoso lobadwira m'kati n'kulichotsera, anathamangitsa nkhunda zimene zinamanga zisa mu eriyomo mpaka kukolopa zitosi zake. Phokoso linatsalabe, lofanana usana ndi usiku, kulikonse kumene analozetsa eriyo. Atalephera kulichotsa m'pamene anamva kwa anzawo kuti apeza kuwala kwa pachiyambi.

Achimwene anaseka mpaka telala anasuzumira. "Zitosi za nkhunda! Ndiye kuti anali amisiri anzanga, eti? Ankafuna folo, pamene pawonongeka."

"Ankafuna folo."

"N'kuipeza kuti si folo." Anapukusa mutu. "Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuuthamangitsa. Bwenzi nditaulonjerako."

Anabwezera waya uja pamalo pake n'kuyandikiza nkhope pagalasi, chifukwa maso awo anali atafika poti chinthu achinunkhize kuti achione. Anafunsa kuti mwa timadontho tonseti takale ndi titi. Ndinati palibe angaloze, n'tochepa kwambiri ndipo n'tosakanikirana ndi tinzake. Anati yankho limeneli ndi loyamba la nzeru limene ndapereka chibwerere ku koleji.

Wogula zitsulo anafika ndi wilibala n'kuyamba kupakira. Atatambasula dzanja kuti atenge wa pa tebulo uja, achimwene anamuletsa. Anati ameneyo apita kusukulu kwa mlongo wawo, ana akaone, koma mphunzitsi wake akawauze kuti mchenga wambiri ndi wa m'katimu, asakawanamize. Ndakhala ndikuwauza zimenezo chaka chilichonse, ndipo ana amakonda mbali ya nkhunda kuposa zina zonse.

Wilibala itachoka, mu shopu munatsala tebulo, kanema ndi ife awiri. Nsalu yophimbira ija inali pansi, anali atapukutira fumbi.

"Akuti mchenga wakalewo umabwera mofanana mbali zonse?" anafunsa.

"Akutero."

"Akutero, akutero. Iwe, tatuluka ukazungulitse mlongoti tione."

Ndinkadziwa kuti eriyo ya pamsika singatsimikize kanthu pa nkhani imeneyi, ndipo iwo ankadziwa kuposa ine. Ndinamanga chitenje bwino n'kutuluka. Mlongoti unali wa dzimbiri, wotentha ngati chiwaya, ndipo a kabaza anasiya macheza awo kuti aonerere mayi wamkulu, mphunzitsi, akulimbana ndi chitsulo masana onse aja. Ndinaulozetsa ku mlatho wa Shire, kenako kumapiri a ku Namwera, kenako kunyanja, mbali ya ku Makanjira kumene lole inali kudzawatengera m'mawa mwake.

"Pitiriza!" anakuwa ali m'kati. "Palibe chasintha. Pitiriza!"

Ndinazungulira kamodzi, n'kuyambanso kachiwiri, manja akupsa. Sanakuwe kuti pamenepo, ndipo ine sindinkafuna kuti akuwe.