Chimene abale anga anabisira adokotala

Chizindikiro choyamba chinali zala. Kumayambiriro kwa mwezi wa Meyi, tikuphunzira nyimbo ndi kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Msakambewa, zala za dzanja langa lamanzere zinayamba kukana kupanikiza nsambo za gitala. Ndinkazituma, izo n'kumachedwa ngati mwana wotumidwa kuchigayo. Ndinati ndi kuzizira. Kwathu kuno mphepo ikayamba aliyense amakhala ndi pomuwawa, choncho ndinangovala juzi n'kupitiriza.

Ine ndinali msilikali. Ndinavulala ku Congo bomba litaphulika pafupi ndi galimoto yathu, ndipo tizitsulo tinandilowa mumkono wamanzere, kumtunda kwa chigongono. Madokotala a kumeneko anachotsa timene anatha kuchotsa, n'kundiuza kuti kamodzi katsala pafupi ndi fupa, kakadzayamba kuvuta ndidzathamangire kuchipatala. Nditapuma ntchito ndinabwerera kumudzi. Banja langa linali litatha kale, ndiye ndinamanga pafupi ndi achemwali anga aakulu, a Esinati. Mnzanga weniweni wocheza naye anali gitala, ndipo popanda mkono umenewu sindikudziwa kuti ndikanadzukiranji m'mawa.

Tinabadwa khumi ndi awiri m'mimba imodzi, amoyo tilipo khumi. Pakhomo pathu ukangoyetsemula, aliyense amabwera ndi mankhwala akeake. Chimene sindinkadziwa n'chakuti nditangofika, abale angawa anakhala pansi n'kupangana kuti za nkhondo zisamatchulidwe ine ndili pomwepo. Anamva kuti asilikali ena amasokonezeka mutu akakumbutsidwa. Ngakhale ana anawaopseza. Ine ndinkangodabwa kuti palibe wondifunsa za kumene ndinali, ndipo zinkandiwawa, poganiza kuti sakufuna kumva. Ndinakhala chete, iwonso chete, aliyense akuti akuchitira mnzake chifundo.

Chapakati pa Meyi chipsera chija chinatupa n'kumatentha. Mwezi ukutha, thupi lonse linayamba kutentha, ndinkanjenjemera, chakudya osalowa. Kuchipatala chaching'ono anandibaya chala, anapeza malungo, n'kundipatsa mapiritsi. Malungowo analipodi. Za mkono sindinatchule, poti matenda anali atapezeka kale ndipo mankhwala ndinali nawo m'thumba.

Mapiritsi anatha, kutentha kunatsala. Kenako ndinayamba kumva bandi. Inali bandi ya malipenga ngati ya paperete, ikumveka chakumapiri a Ntchisi, masana dzuwa lili pamutu. Inkaimba bwino ndithu, koma wa lipenga lalikulu ankalowa mochedwa, ndipo zinkandinyansa kwambiri. Ndinafunsa a Esinati kuti kumeneko kuli mwambo wanji. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuika pansi fodya amene ankasankha.

Kuyambira apa zambiri ndimangomva kwa abale anga, ndipo iwonso sagwirizana pofotokoza. Achimwene anga aakulu, a Lyson, amene ndi mwinimbumba wathu, anati ndi mizimu ya kunkhondo chifukwa sindinasambitsidwe nditabwerako, choncho apite nane kwa sing'anga ku Chezi. A Esinati anati ayi, abwere akulu a mpingo adzapemphere. Mng'ono wathu wina amene ndi mphunzitsi anati zonsezo n'kutaya nthawi, munthuyu ndi wa kuchipatala cha amisala. Onse anagwirizana pa chimodzi chokha, chakuti vuto lili m'mutu. Anakangana kwa masiku, ine ndili pamphasa kukalipira wa lipenga uja. Mkangano unatha tsiku limene ndinakomoka, m'pamene anandikweza matola kupita kuchipatala chachikulu. Unali mwezi wa Juni.

Za m'wodi ndimakumbukira zidutswazidutswa. Diripi anandiika kudzanja lamanja. M'mawa anamwino ankabwera kudzayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, kenako wodi inkakolopedwa, odikirira odwala n'kutulutsidwa kukakhala pakhonde mpaka adokotala atafika. Sindinkadziwa ngati ndili ku Dowa kapena ku Congo, ndipo ndinkadabwa kuti anamwino a kunkhondo Chichewa anachiphunzira liti. Bambo wa pabedi loyandikana nane anali ndi kawailesi, ndiye sindinkatha kusiyanitsa bandi yanga ndi nyimbo zake. Tsiku lina ndinapempha anamwino kuti amuuze achepetse.

“Wailesiyo ilibe mabatire, bambo,” anatero.

Abale anga ankandidikirira mosinthana, lero uyu mawa uyo, kuti kumunda kusaime. Adokotala ankafunsa aliyense amene amupeza pabedi panga funso lomwelo: “Bambowa anavulalapo? Anachitidwapo opareshoni?” Aliyense ankandiyang'ana ine, n'kuyankha kuti ayi. Ankaopa kuti ndikamva mawu oti bomba, misala ikula. Juzi lija ndinkakana kuvula, akuti ndinkachita kumenya, ndipo a Esinati ankapepesa anamwino kuti andisiye, ndimamva kuzizira. Anandiyeza magazi, anatenga madzi a kumsana, malungo anapezeka kuti anatha, koma kutentha sikunkatsika. Adokotala nawonso anasowa pogwira.

M'mawa wina mutu unayera pang'ono. Ndinaona a Lyson ataima kumiyendo kwanga, chipewa chili m'manja, adokotala akuwafunsa funso lija. Ndinamva achimwene anga, munthu wosanama, akuti ayi. Ndinayamba kukayika ngati ndinapitadi kunkhondo kapena nazonso ndinalota.

“Achimwene,” ndinatero, “nanga bomba lija linaphulikira ndani?”

Adokotala sanakalipe. Anaitanitsa sizasi n'kudula mkono wa juzi. Mkono wanga unali utatupa mpaka kunyezimira, ndipo pachipsera pankatuluka mafinya. Tsiku lomwelo anandijambula, kachitsulo kaja n'kuoneka pafupa.

“Tizilombo tachokera pafupa n'kulowa m'magazi, n'chifukwa chake mutu ukusokonezeka,” anatero adokotala. “Tiyesetsa kuupulumutsa mkonowu. Koma tikakapeza kuti fupa lawonongeka kwambiri, tidula.”

Ndinachita mantha kuposa tsiku limene ndinavulala. Anandiuza kuti ndisadye kanthu, ndinadikira pakabedi ka mateyala pakhomo la fiyeta, chipinda cha opareshoni, mpaka madzulo, kenako anandibweza chifukwa kunabwera amayi oyembekezera ofunika thandizo lamsanga. Mawa lake ndinadikiranso, n'kulowa mufiyeta masana. Nditatsitsimuka, chinthu choyamba chimene ndinazindikira chinali bata: bandi ija inali itasiya. Kumanzere sindinayang'aneko. Ndinayang'ana denga mpaka anamwino atadutsa, n'kuwafunsa za mkono.

“Ulipo, bambo,” anatero. “Koma musaugwedeze.”

Kuchira kunatenga nthawi. Majakisoni anali a tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo, ndipo m'mawa uliwonse ankatsuka bala, ululu umene sindingaufunire munthu. Ananditulutsa mu Ogasiti, n'kumapitabe kukachita mafizo, kufinya kampira ndi kutola njere za chimanga patebulo ngati nkhuku. Mutu unabwerera m'malo mwake, ngakhale masiku ena a mu Juni sindiwakumbukira ndithu, ndipo ndikafunsa abale anga aliyense amandiuza zakezake.

Lero ndili bwino. Ndimadya, ndimalima pang'ono, ndipo gitala ndinabwerera, ngakhale ndimaimba ndi zala ziwiri zokha. Chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinafa, chifukwa mafinya anawononga mtsempha. Adokotala anandiuza mosabisa kuti ndikanafika mu Meyi, zala zonse zikanakhala zamoyo.

Choncho ndikukupemphani, bala lakale likayamba kutentha musadikire kuti lizizire lokha, pitani kuchipatala msanga ndipo mukavule malaya pamaso pa adokotala. Munthu akayamba kulankhula zosamveka thupi likutentha, musayambe ndi msonkhano wa pabanja, yambani ndi chipatala. Ndipo inu odikirira odwala, adokotala akafunsa, nenani zonse, ngakhale zimene kwanu simuzitchula. Abale anga sindinawasungire mangawa, anachita zija chifukwa chondikonda, ndipo ndinawauza choncho. A Lyson amangogwedeza mutu. Zala ziwirizi sizimva kanthu ngakhale munthu azigwire chotani, koma iwo amazigwirabe nthawi zonse akabwera kudzandiona.