Denga la pamlatho wa kwathu

Mlatho wa kwathu, kufupi ndi Manyamula, unamangidwa ndi miyala ine ndisanabadwe. Kunsi kwake anaupinda ngati uta kuti madzi azidutsa, pamwamba n'kuyalapo matabwa. Matabwawo ankawola ndi mvula chaka ndi chaka, mpaka anthu a kutchalitchi anagwirizana zoufolera denga. Ntchitoyo anapatsa bambo anga. Iwo anali atacheka matabwa ku Chikangawa zaka zambiri, ndiye aliyense ankangoti ukalipentalanso amaudziwa. Bambo sanatsutse.

Denga linatha, lamalata, lokongola ndithu. Tsiku lotsegulira kwaya inaimba, abusa anapemphera, kenako panafika ngolo yodzaza mabelo a fodya. Ng'ombe zinalowa bwinobwino. Mabelo anagunda mtanda wa denga, ngolo n'kuima pomwepo.

"Yewo chomene, adada, denga labwino," anathokoza m'Chitumbuka mwini ngoloyo akubweza ng'ombe zake chafutambuyo. "Mbwenu ife tizidzera kuti?"

"Muzipakira pang'ono," anayankha bambo. "Ng'ombe nazo zimatopa."

Kuyambira tsiku limenelo ngolo zinabwerera kukawolokera pamchenga, ngati kuti mlatho kulibe. Koma mthunzi sukhalitsa wopanda mwini. Mayi anga ndiwo anayamba kuyalapo tomato ndi mandasi. Wina anabwera ndi usipa, wina makina osokera, wokonza njinga naye anapachika matayala ake pamzati. Ife popita kusukulu tinkachita kulumpha madengu, ndipo m'chilimwe tinkaona kuti kudzera m'madzi n'kwachangu kuposa kudzera pamlatho.

Ndili kusekondale, mphepo yamkuntho inasasula malata aja n'kugwetsa mitanda. Eni ngolo anasangalala, n'kuyambanso kudutsa pamwamba. Sipanatenge nthawi, amayi a pamsika anafika pakhomo pathu, mayi anga ali patsogolo ngati alendo.

"Mukabwezeretse denga lija, bambo," anatero mayi. "Ndipo musalikweze ngakhale pang'ono. Ngolo zikutipondera tomato."

Bambo, amene anthu anawaseka zaka zonsezo, anavala jekete lawo lakutchalitchi, n'kupita kukayeza mitanda yakugwayo mosamala kwambiri kuti asaphonye msinkhu wa denga lakale lija. Denga lachiwiri linatuluka lalifupi chimodzimodzi, ndipo ulendo uno amayi aja anawaphera nkhuku.

Mpaka kumwalira kwawo, mlendo aliyense wofika pakhomo bambo ankamutengera kumlathoko, n'kumuuza kuti za msikawo anaziganizira kuyambira pachiyambi. Mayi akamva ankangoweramira pansi n'kumasankha nyemba zawo.