Mantha Anga Ndinawatchula Kuti Inu

Lole ya mbatata ya kachewere itagubuduzika nafe pamtsetse kufupi ndi Mlangeni, ine ndinatuluka ndi bala pamphumi basi. Mnzanga amene ndinkagulitsa naye malonda anatsirizikira pansi pa matumba. Kuyambira tsiku limenelo miyendo yanga inakana galimoto. Ndikangogwira chitseko mawondo ankauma, pakhosi pankatseka, thukuta lili kamukamu. Kumaliro wapansi, kumsika wapansi, zaka ziwiri zathunthu.

Amayi akutchalitchi anandipempherera mpaka kusasa mawu, akuti ndi chiwanda. Amuna anga ankati ndi matama chabe. Zonsezo ndinkazimeza. Chimene chinkandidya chinali mwana wanga wamkazi, woyembekezera koyamba, amene anamwino anamuuza kuti khanda lakhala mopingasa ndipo akachirira kuchipatala cha kuboma. Womudikirira ndinayenera kukhala ine, ndipo kuboma si koyenda wapansi munthu akakuitana mwadzidzidzi.

Namwino wina anandilozera kwa mlangizi wa za maganizo amene ankabwera Lachinayi pachipatala chathu chaching'ono. Ndinapeza kamtsikana ka msinkhu wa mwana wangayo, moti ndinatsala pang'ono kubwerera pakhomo. Za ngozi sanandifunse n'komwe.

"Amayi, yerekezani kuti mwaima pasiteji," anatero. "Manthawo akukhala pati m'thupimo?"

"M'mawondomu. Ndi pakhosipa."

"Mwa munthu mumakhala mbali zingapo. Mwa inu ina ikufuna kupita kwa mwana, ina ikukana. Yokanayo tailankhuleni."

Ndinaona ngati zachibwana, koma mkwiyo ndinali nawo wokwanira. Ndinadzimenya pabondo. "Iwe chitsiru, ndisiye! Wandichititsa manyazi mokwana!"

Mawondo anauma kuposa kale, ndili chikhalire pampando, galimoto kulibe. Ndinachita mantha kwambiri.

"Mwaona?" anatero mtsikanayo. "Mwamukalipira, walimbikira. Ameneyutu si mdani. Anaona zimene zinachitika tsiku lija, ndiye wakhala akukulonderani osapuma. Wokulonderani mumamuti iwe?"

"Nanga ndimuti chiyani?"

"Mmene mumaitanira munthu wamkulu."

Ine, mayi wa ana asanu, kupereka ulemu kwa mawondo anga omwe! Komabe ndinaika manja pamenepo n'kunena chapansipansi kuti, "Inu, kodi mukuopa chiyani?" Yankho silinabwere m'mawu. Ndinangomva fungo la dizilo ndi dothi la mbatata, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro a mnzanga. Ndinapitako Lachinayi kangapo, kuphunzira kupuma pang'onopang'ono mapazi ataponda simenti. Koma galimoto ndinali ndisanayesebe.

Foni inandipeza Lolemba m'mawa ndikupalira. Anali mkamwini wanga. "Amayi, matenda ayamba masiku asanakwane. Ambulansi yamutenga kale. Akungoitana inu."

Ndinafika pasiteji matope ali m'miyendo. Minibasi inaima, kondakitala anatsegula chitseko, ine ndinaponda phazi limodzi. Linalo linakana. Maso anachita chidima.

"Mayi, mukukwera kapena mukuyeza nsapato?" anakuwa kondakitala. Dalaivala anaimba hutala. Minibasi ina ikanabwera nthawi yanji, palibe ankadziwa.

Chipongwe chinali kale kunsonga ya lilime, ndipo sindikudziwa ngati chinali cha kondakitala kapena cha mawondo. Ndinachibweza. Ndinagwira bondo lija, anthu onse akuona, n'kulankhula mokweza.

"Inu, ndakumvani. Sindikukuthamangitsani ayi. Koma mwana ali yekha. Tiyeni tikwere limodzi, mukalondere m'katimo."

Kondakitala anasuzumira kumbuyo kwanga. "Muli awiri? Winayo ali kuti?"

"Takwana," ndinamuyankha, ndipo phazi linanyamuka.

Sindiname, mantha sanathe. Pamtsetse uja ndinanjenjemera mpaka mano kugundana, mayi woyandikana nane n'kundifunsa ngati ndili ndi malungo. Ndinangopanikiza mapazi pansi, n'kumapuma, n'kumanong'ona kuti, "Ndakumvani, ndakumvani," mpaka kuboma.

Ndinapeza anamwino m'khonde akumukankha mwana wanga pakabedi kamateyala, akupita naye ku opaleshoni. Milomo yake inali itauma ndi mantha. Atandiona anayesa kudzuka, namwino n'kumugoneka.

"Amayi? Mwabwera bwanji?"

"Pa minibasi."

Anandiyang'ana osakhulupirira, kenako anandigwira dzanja mwamphamvu moti zikhadabo zinandilowa.

"Ndiye inenso ndilowa," anatero, ndipo anandisiya dzanja yekha chitseko chisanatsekedwe.